Kalata Yotseguka kwa Akuluakulu a Zaumoyo pa Nkhani ya Sitiroko Yochokera ku Mtima Wogunda Mosokonekera

Kwa Olemekezeka a Nduna ya Zaumoyo, a Mlembi Wamkulu mu Unduna wa Zaumoyo, a Bwanamkubwa ndi a Mkulu wa Zaumoyo m'boma la Kasungu,

Ndasankha kukulemberani poyera chifukwa nkhani ino ikukhudza mabanja ambiri m'boma lathu, ndiponso chifukwa mbali yaikulu ya zimene ndikupempha mungathe kuilamula ndi cholembera chanu, osadikira thandizo lochokera kunja. Nkhaniyi ndi ya sitiroko, imene kumudzi timangoti munthu wafa ziwalo, makamaka sitiroko imene imabwera chifukwa choti mtima wa munthu wasiya kugunda mwadongosolo. Pempho langa ndi lakuti munthu wamkulu aliyense amene akuyezedwa BP pachipatala chilichonse m'boma lino azigwidwanso pamkono kuti kagundidwe ka mtima wake kamveke, zimene zapezekazo zizilembedwa m'buku lake la kuchipatala, ndipo amene wapezeka ndi vuto azikhala ndi njira yodziwika yomufikitsa pa mankhwala oyenera.

Inu akuluakulu mukudziwa kuposa ine momwe mtima umagwirira ntchito, koma popeza kalatayi iwerengedwanso ndi anthu ena, mundilole ndifotokoze pang'ono. Mtima uli ndi zipinda zinayi, ziwiri zam'mwamba ndi ziwiri zam'munsi, ndipo mwa munthu wabwinobwino zam'mwamba zimayamba kufinya magazi, kenako zam'munsi zimawakankhira m'mapapo ndi m'thupi lonse. Pa vuto limene madokotala amalitcha atrial fibrillation, zipinda zam'mwamba zimasiya kufinya n'kumangonjenjemera, ndipo zam'munsi zimagunda mwachisawawa, pena mothamanga, pena mochedwa, pena mongodumphira. Magazi amene sakukankhidwa mokwanira amadikha m'kathumba kakang'ono ka m'chipinda cham'mwamba chakumanzere, monga amachitira madzi a mtsinje wa Bua pamalo pamene pakhota, ndipo pamenepo ndi pamene amaundana. Tsiku lina kachibulumwa ka magazi oundanawo kamachoka, kamayenda ndi magazi mpaka kukatseka mtsempha wa mu ubongo, ndipo mbali ya ubongo imene imadalira mtsemphawo imayamba kufa m'mphindi zochepa chabe.

Za kukula kwa vutoli, kafukufuku wodziwika kwambiri ndi wa m'tauni ya Framingham ku America, kumene madokotala akhala akutsatira umoyo wa anthu a m'tauniyo kuyambira mu 1948. Mu 1991 iwo anafalitsa zoti munthu amene mtima wake uli ndi vutoli amakhala pa chiopsezo cha sitiroko chowirikiza pafupifupi kasanu poyerekeza ndi mnzake amene alibe. Anapezanso kuti mphamvu ya vutoli imakwera ndi msinkhu, moti pakati pa anthu a zaka 50 mpaka 59 linkabweretsa sitiroko zosakwana 2 pa 100 zilizonse, pamene pakati pa a zaka 80 mpaka 89 linkabweretsa pafupifupi 24 pa 100. M'maiko a ku Ulaya ndi ku America, pa sitiroko zisanu zilizonse zobwera chifukwa cha kutsekeka kwa mtsempha, pafupifupi imodzi imachokera ku mtima wogunda mosokonekera.

Ndikudziwa yankho limene lingabwere msanga, lakuti ziwerengero zimenezi ndi za maiko a anthu okalamba, pamene Malawi ndi dziko la achinyamata, ndiponso kuti sitiroko za kuno zimayamba makamaka ndi kuthamanga kwa magazi. Yankholi lili ndi choonadi chake. Kafukufuku wa pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2016, anasonyeza kuti BP ndi imene ili patsogolo pa zoyambitsa sitiroko m'dziko muno, ndipo kwa anthu achichepere kachilombo ka HIV kali ndi gawo lalikulu. Koma kuthamanga kwa magazi kumeneko ndi kumenenso kumatopetsa ndi kutanula zipinda za mtima mpaka kagundidwe kake kusokonekera. Kafukufuku wa dziko lonse la Malawi wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo oposa 9 mwa 10 a iwo sankadziwa. Anthu amenewo lero akula ndi zaka zina zambiri, ndipo mitima yawo yakhala ikulimbana ndi katunduyo nthawi yonseyi. Tikaonjezapo matenda a shuga, kumwa mowa kwambiri ndi chithokomiro chogwira ntchito mopyola muyeso, zonse zimene zimasokoneza kagundidwe ka mtima, n'zovuta kukhulupirira kuti boma la anthu oposa 800,000 ngati Kasungu lapulumuka.

Pali chinanso chimene maiko olemera anachigonjetsa kalekale koma ife tikadali nacho, ndicho matenda a mtima oyamba ndi zilonda zapakhosi. Mwana akadwala zilonda zapakhosi zoyambitsidwa ndi tizilombo ta streptococcus ndipo osalandira penicillin, nthawi zina chitetezo cha thupi lake, polimbana ndi tizilomboto, chimawononganso mavavu a mtima amene amaletsa magazi kubwerera m'mbuyo. Pakapita zaka vavu ya kumanzere imauma n'kuchepa, chipinda cham'mwamba chimafufuma, ndipo mtima ukhoza kuyamba kugunda mosokonekera munthu asanafike n'komwe zaka 30. Ofufuza a ku Framingham aja anapeza mu 1978 kuti pamene mavuto awiriwa akumana mwa munthu mmodzi, chiopsezo cha sitiroko chimawirikiza ka 17. Kafukufuku wotchedwa REMEDY, amene anatuluka mu 2015 ndipo anatsatira odwala 3,343 m'maiko 12 a mu Africa kuphatikizapo Malawi, komanso ku India ndi ku Yemen, anapeza kuti theka la odwala matenda a mavavuwa linali la zaka zosapitirira 28, awiri mwa atatu anali akazi, ndipo oposa mmodzi mwa asanu anali kale ndi atrial fibrillation. Choncho pamene ku Ulaya akunena za agogo a zaka 80, ife tiyenera kuganiziranso mayi wa ana atatu amene akubwera ku sikelo ndi mwana kumbuyo.

Chimene chandikakamiza kulemba, komabe, ndi mathero a sitiroko za mtundu umenewu. Chibulumwa chochokera mu mtima chimakhala chachikulu kusiyana ndi chimene chimapangika pang'onopang'ono m'mtsempha wa mu ubongo momwemo, motero chimatseka mtsempha waukulu, ndipo chimautseka mwadzidzidzi, magazi asanapeze njira zina zolambalala. N'chifukwa chake mbali yaikulu ya ubongo imawonongeka nthawi imodzi. Ku Framingham, mu 1996, anawerengera kuti mwa odwala sitiroko amene anali ndi atrial fibrillation, 25 pa 100 anamwalira mwezi usanathe, pamene mwa odwala sitiroko opanda vutoli anamwalira 14 pa 100. Otsala moyo nawonso anali olumala kwambiri kuposa anzawo, ndipo sitiroko inkawabwereza kawirikawiri, popeza gwero lake linali likadali mu mtima. Zimenezi zinachitika ku America, kumene chipatala chili pafupi ndipo ambulansi imabwera ikaitanidwa.

Tsono taganizirani za munthu wa ku Chulu, ku Simlemba kapena ku Chamama amene wagwa m'munda mwezi wa Januwale. Mankhwala osungunula magazi oundana mu ubongo amayenera kuperekedwa pasanathe maola anayi ndi theka chiyambireni zizindikiro, ndipo asanaperekedwe wodwala ayenera kujambulidwa mutu ndi makina a CT kuti zidziwike ngati mtsempha watsekeka kapena waphulika, chifukwa kupereka mankhwalawo kwa munthu amene mtsempha wake waphulika n'kumupha. Makina oterewa amapezeka m'zipatala zazikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 130 kuchokera pa boma pano. Munthu wathu uja ayamba wanyamulidwa pangolo kapena kugwiriziridwa pakati pa anthu awiri panjinga yamoto kukafika pachipatala chaching'ono, kumeneko adikira galimoto yomutengera pa boma, ndipo pofika madzulo nthawi ija yatha kale. Kunena mosabisa, kwa anthu ambiri a m'boma lino thandizo lenileni pa sitiroko ndi lija loperekedwa sitirokoyo isanachitike.

M'dera lathu muli mayi wina wa zaka za m'ma 30 amene kwa nthawi yaitali ankadandaula kuti mtima ukumuthamanga, ankachita phuma akasenza ndowa kuchokera kumjigo, ndipo miyendo inamutupa kwambiri atabereka mwana wake womaliza. M'mawa wina anagwa akusesa pabwalo, kukamwa kutapotokera mbali imodzi, dzanja ndi mwendo wakumanja zitalefuka, mawu osatuluka. Lero amagona pamphasa m'nyumba ya mayi ake. Mwana wake wamkazi anasiya sukulu ali mu Sitandade 7 kuti azimutembenuza pofuna kupewa zilonda zapamsana, azimusambitsa ndi kumudyetsa phala lamadzimadzi ndi kasupuni, pang'onopang'ono, chifukwa akafulumira wodwalayo amatsamwa, ndipo chakudya chikalowera m'mapapo chimabweretsa chibayo. Fodya wa banjalo chaka chimenecho anawolera m'chigafa posowa womusoka. Mayiyu amamva zonse zimene zikulankhulidwa, koma akafuna kuyankha amangobwereza liwu limodzi lomwelo, kenako amalira. M'mabuku a chipatala iye ndi mmodzi mwa odwala amene anatuluka ali moyo.

Ndiyenera kutchulanso chimene chinatsatira, chifukwa chimachitika m'midzi yambiri. Popeza matendawa amagwa mwadzidzidzi pa munthu amene dzulo lake anali kulima, anthu amati wamenyedwa ndi hamala ya afiti, ndipo maso onse amatembenukira kwa nkhalamba ina ya pamudzi. Tonse tamva za okalamba amene avulazidwa kapena kuphedwa m'dziko muno chifukwa cha milandu yotere. Banja limene linauzidwa kale ndi a chipatala kuti mtima wa m'bale wawo uli ndi vuto lotha kubweretsa sitiroko silifulumira kukaombeza, ndipo ichi chokha chikanakwanira kuti mafumu ndi apolisi akhale nanu mbali imodzi pa nkhaniyi.

Kupeza vutoli sikufuna makina odula. Wachipatala amaika zala ziwiri kapena zitatu pamkono wa wodwala, mbali ya chala chachikulu, n'kumvetsera kwa mphindi imodzi yathunthu, osati kuwerenga kokha kuti mtima wagunda kangati, koma kumva ngati mipata ya pakati pa kugundako ikufanana ndiponso ngati mphamvu yake ili yofanana. Ndakhalapo pabenchi tsiku la kiliniki ya BP ndi shuga pachipatala china m'boma lino, ndipo ndinaona namwino mmodzi akutumikira mzere wofika kunja, akumanga lamba wa makina pamkono, kudina batani, kulemba manambala awiri m'buku n'kuitana wotsatira. Kwa agogo ena makinawo anakana kuwerenga, anabwerezedwa, ndipo manambala atatuluka analembedwa basi. Sindikumudzudzula namwinoyo, amene anali yekha pa ntchito ya anthu atatu, koma makina a batani amavutika kuwerenga molondola mtima ukamagunda mosokonekera, ndipo ambiri a iwo amaonetsa kachizindikiro ka mtima pagalasi pofuna kuchenjeza za zimenezo. Pakanakhala lamulo lakuti kachizindikiroko kakaoneka, kapena makina akakana, wodwala agwidwe pamkono, ndiponso pakanakhala malo olembapo m'kaundula wa kiliniki, agogo aja akanatuluka ndi kalata yopita kukayezedwa mtima. Alangizi a zaumoyo amene amayenda m'midzi angathe kuphunzira luso limeneli pa tsiku limodzi. Kuyezaku kuyenera kubwerezedwa ulendo uliwonse, chifukwa mwa anthu ena vutoli limabwera n'kuchoka, ndipo ambiri amene ali nalo samva chilichonse.

Zala zimangopereka chikaiko, chotsimikiza ndi makina a ECG, amene amajambula kagundidwe ka mtima papepala m'mphindi zochepa. Ndikupempha kuti makinawa, pamodzi ndi mapepala ake ndi munthu wodziwa kuwerenga zojambulidwazo, azipezeka tsiku lililonse pachipatala cha boma ndi m'zipatala zokulirapo za kumidzi, ndipo mugwirizane ndi zipatala za mishoni monga za ku Nkhamenya ndi ku Mtunthama kuti wodwala wotumizidwa kukajambulidwa mtima asabwezedwe ndi mtengo.

Gawo lovuta ndi la mankhwala, ndipo apa ndi pamene ndikupempha kuti mukhale tcheru kwambiri. Kuphatikiza kwa kafukufuku wambiri kumene kunafalitsidwa mu 2007 kunasonyeza kuti warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, amachepetsa sitiroko mwa anthu a atrial fibrillation ndi 64 pa 100, pamene aspirin ndi mankhwala ofanana naye amachepetsa ndi 22 pa 100 yokha. M'maganizo mwanga, chizolowezi chopatsa munthu wotere aspirin n'kumuuza kuti watetezeka chimatonthoza wopereka kuposa wolandira. Koma warfarin ndi mankhwala ofuna kuwayang'anira, pakuti akachepa m'thupi magazi amaundanabe, akachuluka munthu amataya magazi m'mimba kapena mu ubongo momwemo. Muyeso wake umadziwika poyeza magazi, kuyeza kotchedwa INR, ndipo kwa odwala ambiri nambala yake iyenera kukhala pakati pa 2 ndi 3. M'kafukufuku wa REMEDY uja, mwa odwala amene anayezedwa, 28 okha pa 100 ndi amene anali pa muyeso woyenera. Kupereka warfarin popanda njira yoyezera INR pafupi ndi kwawo kwa wodwala n'kumusiya pangozi ina m'malo mwa yoyamba ija.

Zinthu zosuntha muyeso umenewu zili m'moyo wathu wa tsiku ndi tsiku. Ndiwo zamasamba zili ndi vitamini K amene amafooketsa warfarin, ndipo kuno kadyedwe kake kamatsata nyengo, popeza m'dzinja nkhwani, bonongwe ndi chisoso zimakhala mbale iliyonse, pamene m'chilimwe banja lopanda dimba limadalira mfutso ndi nyemba. Wodwala sayenera kuletsedwa masamba, zimene kwa munthu wakumudzi n'chimodzimodzi kumuletsa kudya, koma ayenera kuyezedwa pamene nyengo ikusintha. Bactrim, amene anthu ambiri omwa ma ARV amamwa tsiku ndi tsiku, amakweza mphamvu ya warfarin, pamene rifampicin wa m'mankhwala a TB amaitsitsa kwambiri, choncho kiliniki ya ma ARV, ya TB ndi ya mtima ziyenera kumaonerana mabuku. Warfarin amathanso kuvulaza mwana wosabadwa, makamaka m'miyezi itatu yoyambirira, ndipo popeza ambiri mwa odwala mavavu a mtima ndi amayi a msinkhu wobereka, uphungu wa kulera uyenera kuperekedwa m'chipinda chomwecho, tsiku lomwelo. Timakina toyezera INR pobaya chala, tofanana ndi toyezera shuga, tilipo, ndipo chofunika n'chakuti timapepala take tikhale pa mndandanda wa zogula za Central Medical Stores Trust, bungwe logulira zipatala za boma mankhwala, chaka ndi chaka, kuti kachipangizoko kasasanduke chokongoletsa m'kabati.

Pali mankhwala atsopano osafuna kuyeza INR, monga apixaban, rivaroxaban ndi dabigatran, amene bungwe la World Health Organization linawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2019. Kwa nkhalamba ya BP yokhala kutali ndi chipatala, amenewa ndi amene angathandize, ndipo ndikupempha Unduna uone mtengo wake pouyerekeza ndi mtengo wosamalira munthu wofa ziwalo kwa zaka. Koma sangalowe m'malo mwa warfarin kwa aliyense. Kafukufuku wa INVICTUS wa mu 2022, wa odwala oposa 4,500 amene atrial fibrillation yawo inachokera ku matenda a mavavu, anapeza kuti amene ankamwa warfarin ndi mankhwala a gulu lake anamwalira ochepa kusiyana ndi amene ankamwa rivaroxaban. Tanthauzo lake n'lakuti wodwala aliyense wopezeka ndi vutoli ayenera kuunikidwa mtima ndi makina a sikani kuti zidziwike ngati mavavu ake ali bwino, asanasankhiridwe mankhwala.

Njira yochitira zimenezi pa boma sikuti ndi yachilendo m'dziko muno. Ku Neno, Unduna wanu pamodzi ndi a bungwe la Partners In Health munasonyeza kuti anamwino ndi achipatala ena ophunzitsidwa bwino angathe kuunika mtima, kupereka warfarin ndi kutsatira odwala matenda aakulu osapatsirana pachipatala cha boma, ndipo ndondomeko imeneyi, yotchedwa PEN-Plus, inavomerezedwa ndi nduna za zaumoyo za mu Africa mu 2022. Dziko lathu lilinso m'gulu la maiko a Msonkhano Waukulu wa Zaumoyo wa dziko lonse lapansi umene mu 2018 unagwirizana zothana ndi matenda a mtima oyamba ndi zilonda zapakhosi. Kukwaniritsa lonjezo limenelo kumayambira pa jakisoni wa benzathine penicillin, amene mwana wopezeka ndi matendawa ayenera kubayidwa milungu itatu kapena inayi iliyonse kwa zaka zambiri, ndipo jakisoni ameneyu sayenera kusowa pachipatala chilichonse ngakhale mwezi umodzi.

Chotsala ndi kuwerenga. Ndikupempha a Mkulu wa Zaumoyo m'boma lino alamule kuti wodwala sitiroko aliyense wogonekedwa m'wodi ajambulidwe ECG asanatuluke, kaundula asonyeze ngati mtima wake unali kugunda mosokonekera, ngati vutolo linkadziwika kale ndiponso mankhwala amene ankamwa, ndipo mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lake akamuone pakatha mwezi umodzi ndi pakatha chaka, n'kulemba ngati ali moyo, ngati akuyenda, ngati akulankhula ndi ngati pali mwana amene wasiya sukulu chifukwa cha iye. A Bwanamkubwa, ziwerengero zimenezi ziziperekedwa ku msonkhano wa khonsolo yonse, pamaso pa makhansala, aphungu ndi mafumu, chaka chilichonse pofika pa 29 Okutobala, limene ndi tsiku loganizira za sitiroko padziko lonse, kuti pokonza bajeti ya zaumoyo ya chaka chotsatira ndalama za mapepala a ECG, timapepala ta INR ndi benzathine penicillin zikhale ndi mzere wakewake.

Ine wanu modzichepetsa,
Membala wa komiti ya zaumoyo ya m'mudzi, Kasungu